Mayunitsi a K1,000 ndi milandu yake

Lachisanu lina usiku ndinalandira ma screenshot atatu kuchokera kwa anthu atatu, aliyense akulumbira pali Mulungu kuti iyeyo ndiye anayamba kuyankha pa mpikisano wa mafunso umene ndimayendetsa pagulu lathu la pa WhatsApp. Funso linali losavuta: kodi likulu la dziko lino linasamuka chaka chanji kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe? Onse analemba 1975. Mauthenga a onse atatu ankaonetsa 8:03. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti pa chithunzi cha aliyense, yankho lake ndi limene linali pamwamba pa a anzakewo. Ndinayang'ana pafoni yanga, ndinapeza kuti pamwamba pali munthu wachinayi amene sanadandaule n'komwe.

Palibe amene ankanama. Zinanditengera masabata angapo kuti ndimvetse kuti foni ya munthu imaika uthenga wake pamzere nthawi yomweyo akangodina, pamene mauthenga a anzake amafika malinga ndi mmene netiweki yafunira. Ndiye pafoni yako iwe ndiwe katswiri nthawi zonse. Komanso WhatsApp imangoonetsa ola ndi mphindi, masekondi ayi. Usiku umenewo ndinagula mayunitsi a anthu anayi ndi ndalama imene mayi a kunyumba anandipatsa kuti ndikagule makala m'mawa mwake. Mlandu wa makalawo ndi nkhani ina.

Mpikisanowu ndinauyamba mwangozi mu 2020. Sukulu zitatsekedwa mu March chifukwa cha Covid-19, gulu lathu la pa WhatsApp la anthu amene tinaphunzira limodzi ku sekondale linasanduka bwalo la maliro ndi mankhwala. M'mawa uthenga wa imfa, masana wina watumiza kuti ndimu, jinja ndi adyo ndiye basi, madzulo kukangana za ndale popeza chisankho chobwereza chija chinali pafupi. Ndinatopa nazo. Tsiku lina ndinangolemba kuti, "Ndani angatchule amene anagoletsa zigoli zitatu zija Flames itakwapula Algeria ku Angola mu 2010?" Anthu amene anakhala chete miyezi yambiri anadzambatuka. Russel Mwafulirwa anatchulidwa msanga, Elvis Kafoteka anatsatira, koma Davi Banda anavutitsa mpaka 10 koloko. Usiku umenewo palibe anatumiza za adyo.

Ife amene tinakula tikumvera mipikisano ya mafunso ya ana a sukulu pa wailesi ya MBC tili ndi matenda amodzi. Tikamva funso, pakamwa pamayabwa. Tinkayankhira wailesi ili pawindo, kukalipira mwana wa kutali amene sakutimva kuti walephera zinthu zophweka. Matenda amenewo ndi amene ndinawadzutsa, ndipo Lachisanu lililonse 8 koloko usiku anthu anayamba kundifunsa okha kuti, "Adimini, lero kulibe?"

Kwa miyezi iwiri kunalibe mphoto, ndipo kunalibenso mlandu. Wolakwa ankasekedwa, n'kuseka nawo. Kenaka ndinadzitengera ndekha tsoka: ndinalengeza kuti woyamba kuyankha funso lomaliza alandira mayunitsi a K1,000. Walira mvula walira matope. Sabata yomweyo anthu anayamba kupempha kuti ndilowetse akazi awo, alamu awo, anzawo a kuntchito. Gulu la anthu osakwana 50 linafufuma mpaka kugunda malire a anthu 256 amene WhatsApp inkalola masiku amenewo. Ambiri sindinkawadziwa. Ena sankapereka ndi moni womwe, ankangotulukira Lachisanu ngati ngumbi mvula ikagwa.

Phunziro loyamba linali lamanyazi. Ndinagula khadi ya mayunitsi pa okala, kuipala ndi ndalama yachitsulo, kuijambula, n'kutumiza chithunzicho pagulu m'malo motumiza kwa wopambana yekha. Ndisanafufute, wina anali atalowetsa kale. Mpaka lero sindikudziwa kuti anali ndani, ngakhale kuti pali mkulu wina amene usiku umenewo anasangalala mopitirira muyeso. Kuyambira pamenepo mphoto imapita pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ndisanatsindike ndimawerenga kawiri dzina limene latuluka.

Koma nkhani yeniyeni ili m'kope. Ndili ndi kope lachikuto cholimba limene ndimalembamo mafunso, mayankho ndi opambana, chizolowezi cha ntchito yaukalaliki. Titatha pafupifupi chaka ndinakhala pansi kuwerenga mayina. Anali omwewo omwewo. Achimwene awiri a ku Joni, mmodzi ku Johannesburg wina ku Cape Town. Achemwali ena a unesi ku Leeds, amene kwawoko nthawi ikakhala 7 koloko m'chilimwe chawo kapena 6 koloko m'nyengo yozizira amakhala atangokhala pampando, Wi-Fi ili phuliphuli. Ndi anyamata awiri a m'maofesi a ku City Centre amene Lachisanu ankachedwa dala kuweruka kuti agwiritse ntchito intaneti ya abwana. Anthu anzeru ndithu, sindikuwanyoza. Koma gululo linali ndi anthu oposa 200.

Pagulu pomwepo panali aphunzitsi athu akale a History, amene anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi ku Dedza, kufupi ndi malire. Kumeneko foni ikafuna imagwira netiweki ya ku Mozambique, ikafuna osagwira iliyonse. Mayankho awo ankafika onse pamodzi cha m'ma 10 koloko, ena m'mawa wa Loweruka, gulu litagona kale. Onse olondola. Ena ankabwera ndi ndemanga yokonza funso langalo. Tsiku la 1975 lija analemba kuti likulu linasamukadi chaka chimenecho, koma Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba mpaka 1994, choncho ndizisamala pofunsa. Munthu amene anatiphunzitsa mayankho onsewa anali asanapambanepo ngakhale kamodzi.

Anandiimbira Lamlungu lina masana, mphepo ikuwomba m'foni.

"Iwe, ndili pachulu pano, ndiyankhula msanga isanathawe. Mpikisano wakowu ndi wa nzeru kapena wa netiweki?"

"Aphunzitsi, malamulo ake ndi akuti woyamba kuyankha..."

"Malamulowo anagwa kumwamba? Si iwe unalemba? Ukanakhala m'kalasi mwanga n'kupereka mayeso kwa ana a kutsogolo okha, a kumbuyo n'kuwapatsa pepala belu litalira, ukanati wayesa chiyani?"

Foni inaduka pomwepo. Kaya ndi netiweki kaya anadula okha, sindinafunse.

Choyamba chimene ndinachita chinali chachibwana, koma ndimachikumbukira ndi chimwemwe. Ndinaganiza zobwezera a kunja. Lachisanu lotsatira ndinafunsa kuti, "Pisani m'thumba, tulutsani K500, muitembenuze. Chajambulidwa kumbuyoko n'chiyani?" Amene anali ndi makwacha m'thumba anayankha m'kuphethira kwa diso kuti ndi damu la Mulunguzi la ku Zomba, a ku Joni akufufuzabe m'zikwama zodzaza ma rand. Funso lachiwiri linali la mayi amene nkhope yawo ili pa K200, ndipo mtsikana wina wogulitsa mandasi ku Kawale ndi amene anayamba kulemba kuti Rose Chibambo. Achimwene a ku Cape Town anati ndawachita chipongwe. Ndinavomera. Koma aphunzitsi kumudzi kuja, K500 yawo ili m'manja, yankho lawo linafikabe 10 koloko.

Ndiye ndinaphwasula zonse. Masiku ano zimayenda chonchi. Lachisanu 8 koloko ndimatseka gulu kuti olemba akhale ma adimini okha, n'kuika mafunso asanu. Mayankho amabwera kwa ine ndekha, osati pagulu, mpaka Loweruka 12 koloko masana. Amene magetsi anawathimira, amene foni anaisiya kotchajitsa pamsika, amene amadikira kucha kuti akwere chulu, onse nthawi imawakwanira. Okhoza onse asanu ndimawalemba pa timapepala, kupinda, kuponya m'chipewa, ndipo mwana wanga wamkazi wa Sitandade 3 amatola kamodzi ndikujambula kanema. Iye amaitenga ntchitoyi ngati ya boma: amayamba wasamba m'manja n'kuonetsa kamera kuti m'zala mulibe kanthu.

Sindinama, china chake chinatayika. Phokoso lija la 8 koloko, mauthenga akugwa ngati matalala, wina atalemba 1957 m'malo mwa 1975 chifukwa cha phuma, linali lokoma. Ena anatuluka m'gulu, amvekere mpikisano wasanduka homuweki. Anali ndi mfundo. N'chifukwa chake ndinabwezeretsa chigawo chothamangitsana cha mphindi 15 mafunso enieni asanayambe, koma chopanda mphoto. Chodabwitsa n'chakuti anthu amathamangabe chimodzimodzi, ndipo palibe amene amanditumizira screenshot.

Kupereka maola 16 oyankhira kunabweretsa vuto lake, lodziwikiratu. Munthu ali ndi usiku wonse wofunsa Google. Kale ankabera mothamanga, tsopano ankabera atakhala pansi ndi kapu ya tiyi. Pofika 2024 zinafika poipa, chifukwa Meta AI, pulogalamu yoyankha mafunso ngati munthu, inalowa mu WhatsApp momwemo, moti munthu sankafunikanso kutuluka pa pulogalamuyo kuti abere. Ndinkazindikira mayankho otere ndi Chingerezi chake chosalala, kuchokera kwa munthu amene tonse tikudziwa mmene ankachithyolera ku Fomu 2. Wina anafika potumiza yankho lonse ndi mawu ake omaliza ofunsa ngati ndikufuna kudziwa zambiri.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti ntchito yaikulu ya mpikisano wa mafunso ndi kupeka funso. Kuyendetsa gulu ndi kutumiza mphoto n'zamasewera. Funso la chaka, la dzina la nduna, la kutalika kwa Sapitwa, lija la mamita 3,002, lonselo makina amalilavula m'sekondi imodzi. Ndinayamba kufunafuna zinthu zimene zili m'mitu ya anthu koma pa intaneti n'zosowa. Ndimajambula chinthu pafupi kwambiri, mwachitsanzo m'mphepete mwa lichero kapena kumutu kwa mthiko, n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Ndimatumiza mawu ojambula a munsi ukugunda mumtondo, n'kufunsa kuti osinjawo ndi angati. Ndimayamba mwambi n'kuusiya panjira. Ndimapempha dzina lachichewa la mbalame, la mtengo, la mbali ya ng'ombe imene ogulitsa nyama amaidziwa koma ophunzira anaiiwala. Mafunso otere anasintha mayina a m'kope muja. Anayamba kukhoza ndi amayi amene poyamba ankangowerenga osalemba, ndipo ana a m'tauni anayamba kuimbira agogo awo Lachisanu usiku. Kubera kotereku ndimakulola ndi mtima wonse.

Zilapi ndiye zinautsa mapiri pachigwa. "Nyumba yopanda khomo" aliyense amadziwa kuti ndi dzira, "zungulira uko tikakumane" ndi lamba, palibe mkangano. Koma tsiku lina ndinaponya chakuti "mtengo wagwa kutali, nthambi zake zafika kuno." M'kope mwanga ndinali nditalemba kuti utsi, monga mmene agogo anandiuzira. Theka la anthu linayankha kuti ndi uthenga wa maliro, ndipo aliyense ankatchula agogo ake ngati mboni. Udzaweruza bwanji pakati pa agogo awiri amene onse anagona kale? Ndinalandira mayankho onse awiri, ndipo chipewa chinadzaza mpaka mwana anadandaula kuti dzanja silikulowa.

Mkangano wina unali wa maboma. Ndinafunsa kuti dziko lino lili ndi maboma angati. Yankho ndi 28, koma madala ena anakakamira pa 24, ati ndi zimene analemba pamayeso ndipo anakhoza. Sankanama: nthawi yawoyo Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno anali asanakhale maboma paokha. Kuchokera tsiku limenelo funso lililonse limene yankho lake limasintha ndi nthawi ndimaliikira chaka. Ndinaphunziranso kusiyanitsa funso la msampha wachilungamo ndi funso lachinyengo. Kufunsa kuti Kamuzu Banda anakhala pulezidenti chaka chanji ndi msampha wabwino. Ambiri amathamangira 1964, kuiwala kuti pa 6 July chaka chimenecho anali nduna yaikulu, ndipo upulezidenti unabwera mu 1966 dziko litakhala lipabuliki. Wolakwa akauzidwa amagwira pakamwa, n'kuphunzirapo kanthu. Koma funso lopotoza mawu dala kuti anthu agwe, lija loti ukaulula yankho anthu amangoti "aaa, zimenezo ndiye ziti", limathamangitsa anthu kuposa kusowa kwa mphoto.

Za kubera kwina ndingodutsapo. WhatsApp itayamba kulola kukonza uthenga wotumiza kale mu 2023, mnyamata wina anayesa kusintha yankho ataona kuti walakwa, osadziwa kuti pansi pake pamalembedwa kuti Edited. Wina ankayankha ndi manambala atatu, yake, ya mkazi wake ndi ya mwana, zonse ndi kalembedwe kofanana mpaka malo olakwitsa sipelo. Lamulo tsopano ndi lakuti yankho loyamba ndi lomwelo, ndipo khomo limodzi kapepala kamodzi.

Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, K1,000 ija inasanduka yochititsa manyazi kuitchula kuti mphoto. Mmodzi wa anyamata a ku City Centre anabwera ndi nzeru: aliyense azisonkha K500 polowa, wopambana azitenga zonse, adimini azitapapo kachakhumi ka thukuta. Anawerengetsa pagulu kuti anthu 200 ndi K100,000 sabata iliyonse. Ndivomere kuti ndinagona nayo nzeruyo usiku umodzi, ndikuwerengera kachakhumi kanga. Koma taganizani: anthu alipira kuti alowe, kenaka wopambana atuluka m'chipewa. Dzina la chinthu chimenecho ndi juga, ngakhale uchiveke jekete la mafunso a History. M'dziko muno masewera otere ali ndi eni ake owayang'anira, a Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo ine ndilibe chiphaso chilichonse kupatula cha njinga yamoto. Komanso ndinakumbukira ma screenshot atatu aja. Ngati anthu anatsala pang'ono kudana chifukwa cha K1,000 yotuluka m'thumba mwanga, nanga ikakhala K100,000 yotuluka m'matumba mwawo? Amayi ena a Mvano anangolemba mzere umodzi kuti tsiku loyamba kusonkha ndi tsiku lawo lotuluka. Nkhaniyo inathera pomwepo.

M'malo mwake mphoto zimachokera kwa mamembala amene afuna. A ku Joni aja, amene ndinawachita chipongwe, ndi amene amatumiza kawirikawiri. Mayi wina wogulitsa zitenje amapereka chimodzi pakutha pa mwezi, ine n'kumulola kuika zithunzi za katundu wake pagulu Loweruka. Mlimi wina wa ku Mchinji analonjeza tambala, ndipo tsoka ilo kapepala kanatuluka ka achemwali a ku Leeds. Tinakambirana sabata yathunthu. Pomaliza tambalayo anakwera minibasi kupita kwa mayi awo ku Likuni, ndipo chithunzi chake ali m'mbale chinaikidwa pagulu monga umboni.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti kupereka mphoto kungavute kuposa kuipeza. Amayi ena a ku Salima, amene analowetsedwa m'gulu ndi mwana wawo, anakhoza zilapi zonse zisanu ndipo kapepala kawo kanatuluka. Mphoto inali K10,000. Ndinawaimbira mosangalala.

"Amayi, ndikuimba kukudziwitsani kuti mwapambana..."

"Zikomo bambo, kapambanitseni amanu." Thii, foni yadulidwa.

Ndinaimbanso, osayankha. Kachitatu ndinapeza nambala yanga yatsekedwa. Sindinawaimbe mlandu. Tonsefe tinalandirapo mauthenga aja akuti mwawina galimoto pa mpikisano umene simunalowe, kapena aja akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Anthu ambiri analirapo nawo, ndipo mawu akuti "mwapambana" akachokera pa nambala yachilendo amamveka ngati kulira kwa fisi. Zinatheka mwana wawo atapita yekha kukawaonetsa kanema wa chipewa. Anandiimbira madzulo ake kupepesa, tonse tikuseka, koma anafunsabe kawiri ngati sindifuna kuti atumize kaye kena kake. Tsopano dzina la wopambana limalengezedwa pagulu ndisanaimbe, ndipo pamwamba pa gulu pali uthenga wokhazikika wakuti adimini sadzakufunsani PIN, sadzakuuzani kuti mutumize ndalama kuti mulandire mphoto, ndipo sadzakuimbirani pa nambala ina. Ndimawonjezeranso kandalama kotapira, kuti munthu akafika kwa ejenti alandire yonse imene inalengezedwa.

Aphunzitsi aja chipewa chinawakana kwa miyezi isanu ndi iwiri. Sabata iliyonse kapepala kawo kankalowa, sabata iliyonse mwana ankatola ka wina. Ndinayesedwa kangapo kuti ndikapinde mwapadera kapena ndimunong'oneze mwanayo, koma ndinkadziwa kuti akadzamva adzandiimbira ali pachulu. Tsiku limene dzina lawo linatuluka, gulu lonse linasefukira ndi mauthenga ngati kuti Gabadinho wagoletsanso chija cha Morocco. Mphoto ya sabata imeneyo inali bandulo ya intaneti ya mwezi wathunthu, yoperekedwa ndi achimwene a ku Johannesburg. Uthengawo unawapeza Lamlungu. Anaimba.

"Ndamva. Koma bandulo ya mwezi ndikaithera kuti, pachulu? Undigulire mabatire a wailesi ndi makope awiri, upatsire kondakitala wa minibasi ya ku Dedza."

Makopewo ndi amene akulembamo mafunso. Kuyambira mwezi umenewo atatu mwa mafunso asanu a Lachisanu amachokera kwa iwo. Amawalemba pamanja ndi zilembo zija zopendekera zimene tinkaziopa pa bolodi, mdzukulu wawo n'kujambula tsambalo akapita kumsika Lachinayi. Mayankho satumiza limodzi ndi mafunso. Amati adimini nayenso ayambe wayesa.